Musagulitse puleni ya atate anu pa sikelo

Anyamata ogula sikilapu safunsa kuti citsulo cinali kugwila nchito yanji. Amangocikoleka pa sikelo, n'kuwelenga makilo, n'kukupatsani ya basi. Poto wobooka, masipuling'i a matilesi, mbaula yakutha, zonse mtengo umodzi. Izo nilibe nazo mlandu, zipite, komboni iyele. Cimene cimaniwawa n'cakuti mu wilibala imodzimodziyo mumapezeka puleni, machizulo na masowo amene akanagwila nchito zaka zina zambili. Mwini wake anamwalila kapena anakalamba, ana anaona dzimbili, ati "ivi ni vakudala, vilibe nchito." Ine nikuti ayi. Pa katundu yense ali m'nyumba ya lendi muno mu Lusaka, bokosi la zipangizo zakale lili m'gulu la zinthu zocepa zimene zingakusungileni ndalama mwezi na mwezi, ndipo kuzikonza sikufuna digili olo ngongole ya kaloba.

Yambani mwaiyang'ana bwino puleniyo. Pukutani fumbi. Mukaona dzina lakuti Stanley kapena Record pamodzi na mau akuti Made in England, dziwani kuti munyamula cinthu cocokela ku Sheffield, mzinda wa ku England wodziwika na zitsulo. Machizulo a Marples na masowo a Spear & Jackson anacokela komweko. Zipangizo za mtundu uwu zinalowa m'dziko muno kudzela m'masukulu a mishoni, m'migodi, ku njanji na ku PWD, ndipo n'zimene agogo athu anaphunzilila ukalipentala. Anazipanga kuti zizimasulidwa. Pa puleni palibe cimene anamata na guluu kapena kuwochelela: sikuluu iliyonse imatuluka, cogwilila cimacoka, mpeni umacoka. Kapangidwe kake kanacokela kwa Leonard Bailey wa ku America m'ma 1860, ndipo mpaka lelo sikanasinthe kwenikweni. N'cifukwa cake mpeni watsopano wa mainchi awili umalowa bwinobwino mu puleni ya nambala 4 imene ni yaikulu kupambana imwe na ine.

Manje yelekezani na zambili zimene tigula zatsopano pa mtengo wochipa. Tengani sowo yonyezimila, yokhala na cogwilila ca pulasitiki, muyang'ane mano ake. Ngati ni akuda kapena abuluu kunsonga, anawaumitsa na moto ku fakitale. Amaceka bwino ikali yatsopano, zoona, koma akabuntha tupa siiwagwila, imangotelela. Sowoyo yatha, kaguleni ina. Sowo yakale mumainola Ciwelu masana n'kubwelela pa nchito, ndipo mungacite zimenezi kambilimbili mpaka citsulo cake citacepa m'lifupi. Sinikunena kuti catsopano ciliconse n'coipa. Zabwino zilipo, koma mtengo wake ungakukhazikeni pansi. Cimene nikunena n'cakuti pa ndalama imene munthu wokwela minibasi angakwanitse, cakale cokonzedwa cimapambana catsopano cochipa pafupifupi nthawi zonse.

Pali cinanso cimene 2024 inatiphunzitsa. Mvula itakana, madzi ku Kariba anatsika, ndipo panafika nthawi imene malaiti anali kupita maola 17 kapena kupitilila pa tsiku. Amene mumadutsa mu Alick Nkhata Road munaona mmene makina a akalipentala ku Kalingalinga anakhalila cete masana, anthu n'kumadzuka pakati pa usiku kuthamangila magetsi. Amene anali na puleni ya manja, sowo yakuthwa na bulesi yoboolela anapitiliza kugwila nchito dzuwa lili pamutu. Cilala cidzabwelanso, sitidziwa cabe caka. Cipangizo ca manja sicifuna mayunitsi, sicifuna jenileta, ndipo siciutsa mwana wa ba neba.

Mwina mukuti, ine sindine kalipentala, nizifunilanji? Ganizilani nyumba imene mukhalamo. Citseko cimene cimakwekwesa pansi mvula ikayamba, mpaka mumacikankha na phewa. Mpando wa mwendo umodzi wogwedela umene mumabisa alendo akabwela. Bedi yolila. Shelufu imene amai a kunyumba akhala akupempha kucokela caka catha. Ba landilodi mukawauza, ati "nizatuma munthu," ndipo munthuyo afika tsiku limene mukusamuka. Kalipentala weniweni sangasiye oda ya mabedi atatu kuti akwele mabasi awili kudzapala citseko cimodzi, ndipo akabwela, ya thilansipoti na ya nchito zonse ni zanu. Tunchito utu n'twa mphindi 20 kwa munthu amene ali na puleni yakuthwa. Ndiye pali mawodilopu na madisipuleyi a chipibodi amene tigula pa ngongole. Chipibodi ni utuci womata na guluu. Madzi akalowa m'nyumba, monga zimacitikila ku Kanyama na m'makomboni ena caka na caka, kunsi kwake kumafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi. Mukasamuka kawili pa kanta, masikuluu onse amazuka. Kashelufu ka mapulanga kamene mwakhoma mweka kangakhale kosaoneka bwino ngati ka mu shopu, koma kadzasamuka namwe mpaka pa pulotu yanu.

Ngati kunyumba kulibe bokosi la atate, zipangizo zakale zimapezeka m'milu ya zitsulo zimene amayala pansi m'misika, na kwa ogula sikilapu omwewo ngati mwawapeza asanapeleke katundu. Posankha, dzimbili lisakuopseni. Opani ming'alu. Thupi la puleni ni citsulo cosungunula, cimene cimasweka cikagwa pa simenti. Yang'anani m'mbali na pakamwa pamene mpeni umatulukila. Mukaona mng'alu olo waung'ono ngati tsitsi, isiyeni. Onani ngati kagudumu kotsitsila mpeni kalipo, pamodzi na kacitsulo kophimba mpeni na cotsekela ca pamwamba. Cogwilila cothyoka si vuto, mudzamata kapena kusema cina. Pa chizulo, tembenuzani muone kumbuyo kwake kosalala: dzimbili la pamwamba limacoka, koma maenje akuya pafupi na nsonga adzakuvutitsani, cifukwa enje lililonse likafika pa mpeni limakhala cibanthu. Sowo muiyang'ane kucokela ku cogwilila mpaka kunsonga monga mmene mumayang'anila ngati pulanga ni yoongoka. Kupindika pang'ono kumaongoka, koma yopindika mwamphamvu pamalo amodzi ilekeni. Sikweya muiyese pomwepo: igunditseni m'mphepete mwa pulanga yoongoka, lembani mzele, itembenuzeni, lembaninso pamalo omwewo. Mizele iwili ikasiyana, sikweyayo ni yabodza, ndipo zonse zimene mudzapanga nayo zidzakhala zopendama.

Poyamba simufunika zambili. Puleni imodzi ya nambala 4 kapena 5, sowo imodzi, machizulo awili, wamng'ono na wamkulu, sando, sikweya, tepi yopimila na sikuludilaiva. Zimenezi zimakwana m'kabokosi kolowa pansi pa bedi.

Kucotsa dzimbili n'kosavuta kupambana mmene anthu amaganizila. Masulani zonse. Musanamasule, jambulani na foni kuti mukadziwe pobwezela. Sikuluu ikakana, musaikakamize, idonthezeleni palafini, igone. Za mtengo na za mkuwa ikani pambali. Zitsulo zokhazokha ziviikeni mu viniga woyela wa mu shopu, m'cigubu codula pakati, usiku umodzi. M'mawa kweceni na bulashi ya waya kapena sitiliwulu wotsukila mapoto, mudzaona dzimbili likucoka ngati matope. Musaiwale zitsulo mu viniga masiku ambili, cifukwa akatsiliza dzimbili amayamba kudya citsulo cenico. Mukacotsa, tsukani m'madzi amene mwathilamo soda wophikila delele, kuti asidi afe. Pukutani nthawi yomweyo, yanikani pa dzuwa, ndipo zikangouma pakani mafuta. Mukacedwa olo ola limodzi, dzimbili latsopano layamba kale. Mafuta abwino ni a makina osokela. Saladi musayese, amauma n'kukhala ngati ulimbo. Ngati dzimbili n'locepa, viniga safunika n'komwe: sandipepa na madontho a palafini zakwana. Sowo imayela bwino mwanjila imeneyi, mutaigoneka pa pulanga, mukukweca motsatila utali wake.

Ndiye pali cinthu cimodzi cimene nimapempha na mtima wonse: musapeleke chizulo kapena mpeni wa puleni kwa ba weluda kuti akunoleleni pa gilainda. Iwo nchito yao ni mageti na mafulemu, ndipo amaidziwa. Koma gilainda imathamanga, citsulo cimatentha, ndipo mukangoona nsonga yasanduka yabuluu, kulimba kwake kwapita. Mpeniwo udzaoneka wakuthwa, koma udzabuntha pa pulanga yoyamba. Zikacitika, mankhwala ake ni kudya mbali yonse yabuluuyo mpaka mutafika pa citsulo cabwino.

Kunola kwabwino kumacitika na manja, ndipo apa ndiye pagona nkhani yonse. Anthu ambili amene amati ukalipentala ni wovuta sanagwilepo cipangizo cakuthwa. Ngati mulibe mwala wonolela, pezani galasi locindikala kapena thailosi yosalala yotsala pomanga, na sandipepa wakuda uja wosaopa madzi. Gulani manambala atatu kapena anai, monga 120, 240, 400 na 800. Nambala yaing'ono ni yokakala, yaikulu ni yosalala. Nyowetsani pepalalo kuti ligwile pa galasi. Yambani na kumbuyo kwa mpeni: kugonekeni kwathunthu, osakweza olo pang'ono, kweceni mpaka kadela ka kunsonga, ka m'lifupi ngati cala, kayele mofanana. Izi mumacita kamodzi cabe pa moyo wa cipangizo. Ndiye tembenuzani ku mbali yopendama. Mabuku amati madigili 25 mpaka 30. Mulibe copimila? Pa madigili 30, utali wa mbali yopendamayo umakhala kuwilikiza kawili kucindikala kwa citsulo. Gwilani na manja awili, zigongono pafupi na thupi, yendetsani kutsogolo na kumbuyo osagwedeza dzanja.

Mudzadziwa bwanji kuti mwafika? Pitilizani mpaka, mukasisita cala kumbuyo kwa mpeni kucokela pakati kupita kunsonga, mumve kamlomo kakang'ono ngati kawaya kucokela mbali ina mpaka ina. Ngati kawayako kalibe, simunanole, mwangopukuta. Kakabwela, pitani pa nambala yotsatila. Potsiliza gonekani kumbuyo pa pepala losalala kwambili kawili katatu, ndiye kokelani mpeniwo cam'mbuyo pa lamba wakale wacikumba, kawayako kadzagwa. Yesani pa nyuzipepala ino mukatsiliza kuwelenga: mpeni wakuthwa umadula pepala popanda kuling'amba. Tsiku loyamba zingakutengeleni ola lathunthu. Pambuyo pake ni mphindi zisanu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kunsi kwa puleni nakonso kufuna kuyang'ana. Bwezelani mpeni m'malo mwake koma muubweze m'kati kuti usatulukile, lembani mizele yopingasa na maka kunsi konse, ndiye yendetsani puleniyo pa sandipepa wa pa galasi. Pamene inki yatsala ndiye polowa. Simufunika kuyeletsa ponse. Kutsogolo, pakamwa na kumbuyo pakakhala pa mlingo umodzi, basi yakwana. Pomanga, kacitsulo kophimba mpeni kakhale pafupifupi milimita imodzi kucokela kunsonga, ndipo kagwile mpeniwo popanda mpata, apo ayi zopala zidzatsekela pakamwa. Tembenuzani puleni, yang'anani motsatila kunsi kwake, tsitsani mpeni mpaka uoneke ngati katsitsi kakuda, wofanana mbali zonse. Oyamba kumene ambili amatulutsa mpeni kwambili, puleni n'kumakana kuyenda, iwo n'kumati ni yoipa. Pakani kandulo pang'ono kunsi, mudzadabwa mmene ipepukila. Pulanga ikamazuka m'malo mosalala, mukupala motsutsana na mitsempha ya mtengo. Itembenuzeni muyambile mbali inayo.

Puleni imene nimagwilitsa nchito ine ni Record ya nambala 4. N'naigula pa mulu wa zitsulo, ili yofiila yonse, cogwilila cili cothyoka pakati. Wogulitsa anaiika pamodzi na maloko opanda makiyi. Inanidyela botolo limodzi la viniga, mapepala anai a sandipepa na Ciwelu cimodzi. Lelo imatulutsa zopala zopyapyala zoti mungaonele kuwala kudzela m'kati mwake, ndipo yapala kale zitseko zitatu pa yadi pathu.

Sowo imafuna tupa ya makona atatu. Ipanikizeni pakati pa tumapulanga tuwili, mano okha atulukile pamwamba. Yendetsani tupa yafulati pamwamba pa mano kamodzi kapena kawili kuti onse alingane, ndipo mudzaona kadontho konyezimila pa nsonga ya dzino lililonse. Nchito yanu ni kunola mpaka tumadonthoto tutatha. Yambilani ku cogwilila, dzino lililonse kukankha kawili kapena katatu mofanana, tupa ikudya popita cabe. Woyamba kumene anole mopingasa molunjika, sowoyo idzaceka bwino ndithu. Ngati sowo imakanilila m'pulanga, ndiye kuti mano ake afuna kupatula, lina kumanzele lina kumanja, kuti njila ikhale yaikulu pang'ono kupambana citsulo. Pali kapulayala kake ka nchito imeneyi. Ngati mulibe, funsani madala aliyense wopala matabwa pa msika wa kwanu, adzakuonetsani, makamaka mukayamba na moni wabwino.

Zogwilila za mtengo zipaleni na kacidutswa ka galasi kapena sandipepa, ndiye pakani linsidi, mafuta amene amagulitsa m'mahadiweya. Koma cenjelani: nsanza yonyowa na linsidi mukaiunjika pakona imatha kutentha yokha mpaka kuyaka. Iyanikeni panja yotambasula kapena iviikeni m'madzi. Sando ikagwedela pa mpini, anthu amakonda kuiviika m'madzi. Imagwila tsiku limodzi, ikauma imagwedela kupambana kale. Khomelani kamphelo ka mtengo wolimba pamwamba pa mpini. Ndipo chizulo ya cogwilila ca mtengo musaimenye na sando yacitsulo. Dulani cidutswa ca mtengo wolimba, cibooleni, ikani mpini, mwapeza comenyela. Cimeneci cingakhale cinthu canu coyamba kupanga.

Pa nkhani ya mapulanga, ambili timathamangila ku Buseko. Pophunzila gulani paini. Ni wofewa, ni wochipa, ndipo ni wobzalidwa, wambili amacokela ku minda ya mitengo ya ku Copperbelt monga ya ZAFFICO. Vuto lalikulu pa msika ni mapulanga aawisi. Pulanga yaiwisi imalema, imazizila mukaigwila, ndipo mukapanga nayo thebulo lelo, pofika Okutobala yapindika, mipata yatseguka. Nyamulani ziwili zofanana, tengani yopepuka. Kunyumba ziyaleni pa mthunzi, osati pa dzuwa, pamwamba pa njelwa, muike tumitengo pakati kuti mphepo idutse, zikhale masabata angapo. Mukwa, umene kum'mawa timati mlombwa, ni mtengo wabwino kwambili: suchedwa kusalala, supindika wamba, ndipo ciswe sicikonda mtima wake wofiila. Koma mbali yoyela ya kunja tuzilombo tumaiboola, conco musalipile mtengo wa mukwa pa pulanga yoyela theka.

Mukwa umatenga zaka makumi ambili kuti ukule, ndipo tonse tinaona zimene zinacitikila mukula. Mu 2019 mukula unalowa pa mndandanda wa CITES wa mitengo imene malonda ake a kunja afunika cilolezo, ndipo mu 2022 anagwilizana kuikapo mitengo yonse ya mtundu umenewu ya mu Africa, na mukwa womwe. Conco munthu wophunzila asawononge mukwa watsopano. Zitseko zakale, mabedi othyoka na mafulemu a m'nyumba zimene akugwetsa muli mukwa wouma bwino umene ungofuna puleni. Zulani misomali yonse coyamba, cifukwa msomali umodzi wobisika umabanthula mpeni umene mwanola ola lathunthu. Penti wakale angakhale na mtovu, conco mupaleni ali wonyowa, musapume fumbi lake. Mapaleti nawonso ni abwino, koma onani cidindo: HT itanthauza kuti anawatenthetsa, MB itanthauza kuti anafukiza mankhwala a poizoni, amenewo asiyeni. Mapulanga obiliwila na mankhwala a ciswe musapangile codulilapo nyama, ndipo zidutswa zake musaponye pa mbaula.

Malo? Nidziwa, ambili tili m'tuzipinda tuwili, khonde timagawana na ba neba. Simufunika shedi. Pulanga imodzi yocindikala pamwamba pa mabuloko, kapena benchi imene mumakhalapo madzulo, yakwana. Khomelani kathabwa kumapeto kuti cimene mukupala cizigunda pamenepo. Zopanila za mu shopu n'zodula, koma malegeni a chubu yakale amamanga mwamphamvu mokwanila pamene guluu akuuma. Yambani na cinthu cing'onocing'ono cimene nyumba ifuna: kampando ka kukhichini, koikapo nsapato, kashelufu ka mbale. Pimani kawili musanadule. Boolani kabowo musanakhome msomali pafupi na mapeto a pulanga, kuti isang'ambike. Manja onse awili azikhala kumbuyo kwa nsonga ya chizulo, ndipo bokosi lizikhala lokhoma ngati m'nyumba muli ana. Pokwela basi, kulungani sowo na machizulo m'katoni kapena m'saka. Takhala anai pa mpando, musang'ambile mnzanu buluku la ku nchito. Mapulanga aatali aduleni pa msika pomwepo, apo ayi mudzakangana na ba kondakita kucokela pa Lumumba mpaka kwanu.

Ena adzati, ukufuna kulanda akalipentala nsima. Funso ili n'lomveka, cifukwa anyamata ambili ku Kalingalinga, ku Garden na ku Mtendere amadyela pomwepo. Koma kupala citseko canu sikulanda munthu oda ya sofa. Bedi, wodilopu na denga mudzapitabe kwa iwo. Kusiyana kwake n'kwakuti mudzapita na maso. Munthu amene anayesapo kulumikiza mapulanga awili amadziwa kusiyanitsa bedi yolowetsana bwino na bedi yongokhoma misomali n'kubisa na vanishi. Amadziwanso cifukwa cake nchito yabwino imadula, ndipo amaleka kunenelela mpaka mmisili atsale wopanda phindu. Amene amaluza ni wacinyengo cabe, wogulitsa paini wopaka utoto ati ni mukwa.

Ena adzati nthawi kulibe: timacoka m'mamawa kukali mdima, timafika usiku titatopa na mzele wa magalimoto pa Great East Road. Zoona. Koma pa Ciwelu masana maola awili amapezeka, ndipo tidziwa kumene ambili timawapeleka. Enanso amaona ngati munthu wa mu ofesi kugwila sowo ni kutsika. Maganizo awa ndiwo anatipangitsa kuseka anzathu amene anatenga Woodwork kusukulu, ndipo lelo ena a iwo ali na mashopu ao pamene ise tikali kuyembekezela pa 30. Ndipo amai, nkhani iyi ni yanunso. Puleni siifunsa kuti ndani waigwila. Dzanja limene limasinja nshawa na kupota nsima ya anthu khumi silingalephele kukankha puleni yakuthwa. Nyumba zambili muno m'tauni mutu wake ni mzimai, ndipo palibe cifukwa cakuti azidikila mlamu kubwela kudzamanga hinji.

Cinthu cina cimene timaiwala n'cakuti zipangizozi zimatayika kwambili pa malilo. Pogawana katundu, anthu amalimbilana TV, filiji na sofa. Bokosi la zipangizo limatsala pakona, mwana wina n'kulinyamula kupita nalo ku sikelo kuti apeze ya mabando. Koma m'bokosimo ndiye munali sukulu fizi ya amene akulimbilana sofawo. Citsulo cimeneco cikalowa mu ng'anjo cimatuluka ngati waya wa konkili, ndipo sicibwelanso.

Conco Ciwelu lino, kokani bokosilo pansi pa bedi, kapena imbilani foni kumudzi mufunse ngati likalipo. Sankhani cinthu cimodzi cabe, chizulo imodzi, muiyeletse, muinole mpaka idule pepala. Mukaona kuti nchitoyi si yanu, palibe mlandu, sitingakonde zofanana tonse. Koma musapeleke ku sikelo. Pitani nazo kwa kalipentala wa pa msika, adzakupatsani mtengo woposa wa makilo cifukwa adziwa cimene wagwila. Kapena funsani m'banja na ku chalichi ngati kuli mwana amene akuphunzila ukalipentala pa koleji ya TEVETA. Ambili amatsiliza kosi ali na pepala m'manja koma alibe olo sando, ndipo bokosi limene imwe mukuliona ngati zinyalala ndilo limene iye akusowa kuti ayambe.